Mkamwini Wosameta wa ku Kasina

Mudzi unkadikira bokosi. Panafika munthu.

Anatsika pa njinga ya kabaza pansi pa bulugamu. Nsapato analibe. Buluku linali gwa ndi matope ouma, matope osati a kuno. M'manja jumbo yakuda. M'jumbomo chivindikiro cha poto. Basi.

Dzina lake Vinsenti. Kwawo ku Mayani, koma anakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Kasina, kumapiri a Dedza. Mkamwini. Mkazi wake anali Rute. Mwana mmodzi, wamkazi, Tawonga, wa sitandade wani.

Amayi amene anakhala pakhonde anayamba kulira atangoona njinga. Kenako kulira kunaduka. Onse anasuzumira kumsewu. Galimoto kunalibe.

A Ezara, malume ake a Rute, ndiwo anaimirira. Eni mbumba.

"Bambo a Tawonga, mwana wathu ali kuti?"

Vinsenti anakumbatira jumbo yake.

"Tikufunsa maliro. Akubwera m'mbuyo?"

"Sitinawapeze."

"Simunawapeze."

"Takumba, bambo. Mpaka mipini kuthyoka. Phiri lawatenga."

A Falesi, mayi ake a Rute, anali atakhala chofulatira. Kuno mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso. Salankhulana maso ndi maso. Ndi ulemu wake. Ndiye a Falesi analankhula ndi khoma.

"Paja amati wadutsa."

Vinsenti anakhala pansi, pa fumbi, jumbo ili pamiyendo.

Inu amene mukuwerenga, mwina lero mwadzuka opanda chodzukira. Tsalani pompa. Nkhani iyi si yokoma, koma ili ndi kumene ikupita. Tiyambe ndi liwu limene a Falesi analavulira khoma lija.

Namondweyo anabadwira kutali, kunyanja yamchere kufupi ndi Australia, dziko limene Vinsenti ankalidziwa pa mapu a kusukulu basi. Madzi a m'nyanja akatentha, nthunzi imakwera. Mphepo imathamangira pamene nthunzi yachoka. Zikayamba kuzungulira, zimadzidyetsa zokha. Kamvuluvulu wa pabwalo, koma wamkulu ngati dziko. Anamupatsa dzina. Freddy.

Anawoloka nyanja yonse ya India, masabata akutha. Anamenya Madagascar. Anamenya Mozambique. Pamtunda chakudya chake kulibe, ndiye anafooka.

Nthawi imeneyo Vinsenti anali ku Blantyre. Kucheka matabwa anaphunzirira pa Phiri la Dedza, ndipo munthu wina wogulitsa matabwa m'tauni anamulemba ntchito. Anapeza kanyumba ka lendi ku Chilobwe, m'mphepete mwa phiri la Soche. Chipinda ndi balaza. Pansi pa simenti. Rute anali asanakaonepo.

Anaimba foni. Foni ya Rute inali yong'ambika sipika, yolankhulira mudzi wonse.

"Make Tawonga, kubandira mwatha. Bwerani mudzaone nyumba."

"Nanga chimphepo akunena pa wailesichi?"

"Wadutsa ameneyo. Wathera ku Mozambique."

A Falesi anali pambali, akusankha nyemba. Anamva.

Rute anakwera basi. Tawonga anatsala ndi agogo ake chifukwa cha sukulu.

Koma namondwe ameneyu anachita zimene Vinsenti sanaziganize. Anabwerera kunyanja. Anakamwanso madzi otentha, nakhuta. Kenako anatembenuka. Wailesi inachenjeza, Vinsenti anamva. Koma munthu wa lendi athawira kuti? Ndipo mvula ndi mvula. Mwana wa ku Dedza aope mvula?

Inagwa osapuma. Usana, usiku, usana. Makoma anayamba kutuluka thukuta. M'mawa wina bwana anaimba kuti madzi alowa m'shedi, matabwa akuyandama. Vinsenti anavala thumba kumutu. Rute anali akutchera mapoto pamene denga linkadontha.

"Pobwera mugule shuga," anatero.

Mawu omaliza ndi amenewo. Shuga.

Ali kumunsi, anamva phokoso kumbuyo kwake. Ngati malole ambiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Anthu ankathamanga akuti Napolo, Napolo. Atabwerera, nyumba panalibe. Njira panalibe. Panali matope, ndi miyala yaikulu ngati minibasi. Anakumba ndi khasu, kenako ndi thabwa, kenako ndi zala. Anatulutsa anthu a eni ake, ena amoyo, ambiri ayi. Wake sanamupeze. Anapeza chivindikiro.

Maliro opanda thupi ndi mlandu wopanda mutu. Akuluakulu a mbumba anakhala pansi.

Kuno mwambo uli chonchi. Munthu akaikidwa, abale amameta. Tsitsi la maliro limagwa pansi, moyo umapitirira. Ndipo mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa. Amamuthokoza, amamumasula, amapita kwawo. Ana amatsala. Ana ndi a kuchikazi.

"Tidule thunthu la nthochi," anatero a Ezara. "Tiliike m'bokosi, tipemphere, tikwirire. Timete. Bambowa tiwamasule. Tonde wobwereka amabwezedwa."

A Falesi sanatukule mutu.

"Ine ndinabereka munthu. Sindinabereke nthochi."

"Achemwali, mudzi sungakhale ndi maliro otsegula."

"Ndionetseni mwana wanga, ndimete."

Nkhani inathera pomwepo. Manda panalibe. Kumeta panalibe. Kusudzula panalibe.

Vinsenti anamvetsa bwino. Tsiku limene lumo lidzakhudze mutu wake, Tawonga wamutaya. Ku Mayani kunalibe chomudikira. Minda ndi ya azilongo ake. Chimene chinkamusunga pafupi ndi mwana wake chinali chimodzi: chisoni cha mayi amene sankafuna n'komwe kumva mapazi ake.

Anakhala m'nyumba ya Rute ngati mthunzi. Dimba la Rute linaperekedwa kwa mng'ono wake. Chimanga chimene Rute anabandira chinakololedwa, nichilowa m'nkhokwe ya agogo. Chakudya chinkabwera ndi Tawonga, m'mbale yovindikira, popanda uthenga.

"Ababa, amayi abwera liti ku tauni?"

"Idya, chizizira."

"Abwera ndi buledi?"

Vinsenti ankatuluka panja.

Miyezi inapita. Abale ena anakameta mwakachetechete kwa ometa a pamsika. Moyo ndi moyo. Iye sanayerekeze. Kumeta kukanakhala ngati kudziitanira tsiku lija. Tsitsi linakula, linapotana. Ndevu zinatsika. Kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Ndipo panali mvula. Kuno kumapiri ngakhale m'chisanu kumagwa mawawa. Madontho akangogunda malata, thupi la Vinsenti linkachita zake. Ankanyamula Tawonga pamapewa n'kuthamanga mpaka ku bwalo la mpira, kutali ndi chitunda. Ankaima pakati pa bwalo, akunjenjemera, maso ali kuphiri. Anthu ankaonerera pamakonde.

Ana a sukulu anamupatsa dzina. A Freddy.

"A Freddy, kwachita mitambo, simuthamanga?"

Tawonga anamenyana ndi mnzake chifukwa cha dzinalo. Anabwera ndi diresi long'ambika. Madzulo anati, "Ababa, musamandinyamule. Amandiseka."

Kumtunda kwa nyumba ya a Falesi kunali munda wotsetsereka. Miyala yokhayokha. Malemu amuna awo anaulephera kalekale. Pakati pake madzi anali atakumba chigwembe, ndipo chaka chilichonse ankatsika nacho mpaka kulowa pakhomo pa a Falesi. Tawonga masiku ambiri ankagona m'nyumba imeneyo.

Vinsenti ankauyang'ana mundawo ngati munthu akuyang'ana galu wolusa womasuka. Tsiku lina anakwera. Anagwira mwala. Anaugubuduza nauika mopingasa. Anagwiranso wina.

Palibe anamupatsa mundawo. Palibe anamuletsa. Ndipo tisanamizane, sanayambe ndi maloto a ulimi. Anayamba ndi mantha. Ankafuna kanthu kaime pakati pa chitunda ndi mwana wake.

A Ezara anadutsa akuchokera ku dimba.

"Bambo a Tawonga, tchalitchi tili nacho kale ku mishoni. Ichi n'cha mpingo wanji?"

"Ndikungosanja, bambo."

"Sanjani. Koma mudziwe, miyala si ana. Sikupatsani malo."

Zala zinang'ambika. Chikhadabo chinachoka. Anapitiriza.

Sopo ndi mchere zimafuna ganyu. Masiku ena ankatsika wapansi mpaka kumsewu waukulu, pa Linthipe, kukakweza matumba. Kumeneko kunali Yasini, wogula mbatatesi, wa kapikiapu kokalamba ndi chisoti choyera. Munthu wa pakamwa posapuma.

"Achimwene, kumutuko ndi chirasta kapena mukuweta mpheta?"

"Ndi maliro."

Yasini anakhala chete. Zimenezo sizichitikachitika. Kenako anati, "Pepani. Pakamwa panga pamathamanga kuposa galimoto yanga."

Kuyambira pamenepo ankamuitana poyamba matumba akafika. Dzinja likuyandikira, Vinsenti anaona mulu wa mbatatesi zing'onozing'ono, zofota, zophukira maso, zitatayidwa kuseri kwa sikelo.

"Izi mukutani nazo?"

"Izo? Ndi za nkhumba. Ndipo inu mukudziwa, ine ndi nkhumba sitipatsana moni. Tengani."

Anazisenza pamutu mpaka kumudzi. Anapanga mizere kuseri kwa miyala yake. Anadzala.

Mvula yoyamba yamphamvu inabwera masana. Vinsenti anali ku bwalo la mpira, yekha, atagwira mtengo wa golo. Itakata anakwera kumunda.

Mpanda wa miyala unali utagumuka pakati. Anali atangousanja pamwamba pa dothi, wopanda phazi, ndipo unkapendekera mbali imodzi. Madzi onse anasonkhana pamenepo, naboola. Mizere inapita. Mbewu inapita. Zonse zinakatsikira pabwalo la a Falesi.

Anawapeza akusesa matope ndi mbatatesi zake pamodzi, kuunjika kudzala. Sanatembenuke. Analankhula ndi nkhuku.

"Pali manja ena. Chimene agwira chimakokoloka."

M'mawa mwake Tawonga atapita kusukulu, Vinsenti anatenga jumbo yake yakuda. Anatseka chitseko. Anatsika.

Pa Linthipe maminibasi ankaitana. Lilongwe uyo. Blantyre uyo. Anaima m'mphepete mwa tala, malole akudutsa pafupi, mphepo yake ikumukankha. Anaima nthawi yaitali. Sankayang'ana maminibasi. Ankayang'ana mateyala.

Yasini anamugwira pamkono.

"Ulendo wa kuti?"

"Sindikudziwa."

"Kumeneko minibasi sizipita. Khalani apa."

Anamukhazika pa thumba. Anamuthirira tiyi wa m'fulasiki. Vinsenti ananena zonse. Foni. Shuga. Nthochi. Mpanda. Nkhuku.

"Mwana mwamutsanzika?"

"Ayi."

"Mayi ake akuwadikirabe?"

"Tsiku lililonse. Akuti abwera ndi buledi."

"Ndiye kuyambira lero azidikira anthu awiri."

Vinsenti anayang'ana m'kapu. Tiyi anazizira m'manja. Yasini anapita kuseri kwa sikelo, nakokolola zotsala za nkhumba zija, nazithira m'thumba.

"Zachepa. Nthawinso yatha. Koma nyamulani, zikundinunkhira pano."

Anafika kumudzi ana akuweruka. Tawonga anamupeza pakhonde. Sanadziwe kanthu.

Madzulo amenewo Vinsenti anamuuza zoona. Kuti amayi sabwera. Kuti phiri linawatenga. Mwanayo analira mpaka kutha mawu. Kenako anafunsa, "Nanga inu?"

"Ine ndili pano."

Sanawonjeze kuti mpaka liti. Sankadziwa.

Anayambiranso. Ulendo uno anakumbukira ntchito yake. Wocheka matabwa sayamba ndi sowo, amayamba ndi chingwe. Anakhoma zikhomo mopingasa chitunda. Anamanga chingwe. Anagoneka botolo la madzi pa thabwa kuti aone ngati mzere wakhala mofanana uku ndi uku. Anakumba ngalande, miyala ikuluikulu pansi, ing'onoing'ono pamwamba. Osati mpanda umodzi wautali. Timipanda tambiri, tafupitafupi, kuti madzi azitsika ngati munthu wokalamba pa masitepe. M'chigwembe anakhomamo zikhomo nadzazamo miyala. Anadzala mochedwa, anzake akupalira.

Kenako mvula inasowa.

Chaka chimenecho mukuchikumbuka. Chimanga chinafota chisanamasule. Masamba anapiringizika ngati ndudu. Anthu ankadzuka n'kuyang'ana kumwamba, kumwamba kuli mbee. Vinsenti anaseka yekha m'munda, kuseka koipa. Anamangira madzi ochuluka. Kunabwera dzuwa.

Koma tsiku lina anapisa chala kuseri kwa miyala. Dothi linali lozizira. Kamvula kalikonse kamene kanagwa sikanathawe. Kanakhala pomwepo, kanalowa pansi. Miyala imene anaiika kuti itchinge imfa inasunga chinyezi.

Sanakolole zodabwitsa. Matumba ochepa, mbatatesi zake zapakati. Koma m'chaka cha njala thumba limodzi ndi nkhani.

Dengu loyamba analitula pakhonde la a Falesi, nachoka osalankhula. Linakhala pamenepo masiku angapo. Nkhuku zinalizungulira. Anthu odutsa ankaliona. Kenako tsiku lina linasowa.

"Agogo aphika," anatero Tawonga.

"Ati bwanji?"

"Akuti ndi zazing'ono ngati mazira a njiwa."

"Adya?"

"Amaliza. Apala ndi poto yemwe."

Moni sanabwere. Koma mbale yovindikira ija inayamba kubwera ndi ndiwo zambiri.

Chilimwe chonse ananyamula miyala. Timipanda tinakwera mpaka kumutu kwa munda. M'mbali mwake anadzala udzu wogwira dothi. Anasunga mbewu yake m'chipinda, pa udzu wouma. Dzinja lotsatira munda unabiriwira: mbatatesi kumtunda, nyemba pakati, kabichi kumunsi kumene chinyezi chimachedwa. Pa Linthipe sanapitenso kukakweza matumba a eni ake. Yasini anabwera yekha kudzaona, kapikiapu kake kakutsokomola pa chitunda.

"Ndiye tsopano ndizikuitanani bwanji? Bwana, kapena Rasta?"

"Vinsenti."

"Zaka ziwiri mukundinyamulira matumba, lero ndi pamene mukundiuza dzina ngati munthu."

Amuna awiri a m'mudzimo anabwera kudzabwereka chingwe ndi botolo. Ana anayamba kuiwala dzina la Freddy. Koma a Ezara sanaiwale mwambo. Munda umene kale unali wa miyala tsopano unali munda. Maso anayamba kuufika.

"Achemwali," ankatero, "maliro aja titseke. Mlendo akazika mizu, kumuzula kumavuta."

A Falesi ankangoti, "Ndamva."

Kumapeto kwa dzinja wailesi inalengezanso namondwe wina, wa dzina lina, akuchokera kunyanja komweko. Mwina sanafike n'komwe ku Dedza, mwina ndi mchira wake chabe. Koma masana ena kumwamba kunada ngati pansi pa poto, ndipo mvula inatsika yosaona nayo nyumba ya mnzako.

Miyendo ya Vinsenti inafuna bwalo la mpira. Anaiuza ayi. Tawonga anali kwa agogo ake. Anatenga khasu nakwera kumunda.

A Falesi anali atakweza kale mphasa ndi ufa pa mpando, monga ankachitira chaka chilichonse, kudikira madzi alowe. Anadikira. Madzi sanalowe. Anatsegula chitseko.

Kumtunda, madzi ankatsika pang'onopang'ono, mpanda ndi mpanda, akufika pansi atatopa. Ndipo pakati pa chigwembe panaima munthu. Tsitsi litamatirira kumaso. Akubwezera mwala pamene pafuna kuboola, akuthamangira pena, akugwa, akudzuka. Thupi lonse likunjenjemera moonekera patali. Munthu amene mudzi wonse unkamudziwa kuti amathawa mawawa.

A Falesi anayang'ana mipandayo. Anayang'ana pamene yaloza. Yonse inali kumtunda kwa khomo lawo.

"Agogo, tsekani, mphepo," anatero Tawonga.

Sanatseke.

M'mawa anaitanitsa mlongo wawo.

"Ezara. Kaduleni nthochi ija."

Vinsenti anamva kwa Tawonga. Anali akumangirira nyemba. Anakhala pansi pa mwala. Ndiye basi. Wamanga, wamanga, mpaka wadzimangira njira yotulukira. Mayi atopa kudikira, lumo likubwera.

Sanakadandaule kwa aliyense. Mkamwini adandaula kwa yani? Anatenga mwana wake nayenda naye m'munda monse. Anamuonetsa pamene madzi amavuta. Anamuonetsa mmene amaonera botolo.

"Mukundiuziranji zimenezi, ababa?"

"Munda ndi wa amayi ako. Ndiye ndi wako."

Bokosi anakhoma yekha, la matabwa a paini. Anagonekamo thunthu la nthochi, amayi a pamudzi atalikulunga m'chitenje cha Rute cha kwaya. Asanatseke, anatulutsa chivindikiro m'jumbo yakuda nachiika pambali pake. Akatekisiti anapemphera. Nyimbo zinaimbidwa. Dothi linagwa pa matabwa. A Falesi analira kulira kumene anakusunga zaka ziwiri, mpaka amayi anzawo anachita kuwagwira.

M'mawa mwake kunali kumeta. Mphasa pabwalo. Beseni la madzi, sopo, sizasi, malezala atsopano. Abale anameta mmodzimmodzi, ena kungodula pang'ono pamphumi. Vinsenti anakhala kumapeto. Jumbo yake inali kale kuseri kwa chitseko, zovala zili momwemo. Tawonga anakhala pakati pa amayi, maso ali pa bambo ake.

A Ezara anakonza kukhosi.

"Bambo a Tawonga. Munabwera bwino pamudzi pano. Mwatiberekera. Zimene zinachitika, Mulungu ndiye adziwa. Tsopano maliro tatseka. Mukameta, mwambo ukuti ife tikuthokozeni, ndipo inu..."

A Falesi anaimirira.

Anadutsa pakati pa bwalo. Anatola sizasi pa mphasa. Sanapite chammbali, sanafulatire. Anakaima kutsogolo kwa mkamwini wawo, namuyang'ana m'maso. Amayi ena anagwira pakamwa. Vinsenti anagwetsa nkhope.

"Achemwali," anatero a Ezara motsitsa mawu, "mpongozi sagwira mutu wa mkamwini."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukutani?"

"Mkamwini msudzuleni, azipita. Ine ndikumeta mwana wanga."

A Falesi anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Mwana amasudzulidwa, Ezara?"

A Ezara anayang'ana akuluakulu anzawo. Wina anayang'ana pansi. Wina anakanda ndevu. A Ezara anayang'ana kumunda kuja, kenako kwa Tawonga.

"Sasudzulidwa," anatero. Anakhala pansi.

Sizasi inalowa m'tsitsi. Linali lolimba ngati chingwe cha khonje. A Falesi ankadula ndi manja awiri. Analankhula motsitsa, mawu a anthu awiri okha.

"Munati wadutsa."

"Ndinalakwa, amayi."

"Rute ankakayika. Ndine ndinamuuza kuti pita, ukaone nyumba ya mwamuna wako. Nyemba zija ndinkasankhira ulendo wake. Ndinamumangira ndekha pa chitenje."

Vinsenti anafuna kutukula mutu. Dzanja linamukanikiza.

"Werama, iwe. Ndingakucheke khutu."

Iwe. Chikwatirire pamudzipo, mayiwo anali asanamutchulepo choncho. Mkamwini ndi inu. Iwe ndi wobala wekha. Misozi ya Vinsenti inagwera pa tsitsi limene linali pansi, ndipo sanaibise.

Lezala linamaliza. Mutu unatuluka wotuwa, wa mabampu, wosadziwa dzuwa. Tawonga anabwera pafupi, nauzungulira, naugwira ndi chala.

"Ababa, mutu wanu ngati mbatatesi."

Woyamba kuseka anali a Ezara.

Musayembekeze kuti ndikuuzani za galimoto ndi nyumba ya malata ofiira. Vinsenti sanalemere. Ali ndi munda wa masitepe, njinga yakeyake, ndi mwana amene amapita kusukulu atadya. Amuna a midzi yoyandikana amamuitana kukawamangira chingwe. Mvula ikagunda malata, maso ake amathamangirabe kuphiri. Shuga sagula yekha, amatuma mwana. Rute sanabwerere. M'manda muja muli nthochi.

Ena a inu mukudziwa bwino zimenezi. Namondwe wanu anafooka, munapuma, munauza anthu kuti wadutsa. Kenako anatembenuka. Mwina pali liwu limene munanena, limene limakudzutsani mpaka lero. Mwina mukukhala pakhomo pamene mbale imabwera yopanda uthenga. Mwina mpanda wanu woyamba wagumuka dzulo, ndipo mwaima m'mphepete mwa tala.

Sindikulonjezani kuti zimene phiri linatenga lidzabweza. Silibweza. Koma pali wina akudikira, ndipo sayenera kudikira anthu awiri. Bwererani. Mphamvu ngati mulibe, yambani ndi mantha omwewo, Vinsenti anayamba nawo. Kumbani phazi. Gwirani mwala umodzi, muuike mopingasa. Mawa wina.

Matope atenge nyumba, atenge mbewu. Mtima wokha osautaya nawo.